Wokumba, wolipira ndi wodya phindu: kaphunzitsidwe ka mbiri ya Ngalande ya Suez

Mphunzitsi wa mbiri yakale akafika pa mutu wa Ngalande ya Suez, kawirikawiri amayambira pa mapu. Amajambula Africa pabolodi, n'kukoka mzere wautali wochoka ku London, kutsika ndi gombe la kumadzulo, kukhotera ku Cape Town mpaka kukafika ku Bombay. Kenaka amakoka mzere wina waufupi wodutsa m'Nyanja ya Mediterranean ndi m'Nyanja Yofiira. Ana amadzionera okha kuti ulendo wafupika ndi makilomita oposa 7,000. Amalemba m'makope mwawo kuti ngalandeyi inatsegulidwa mu 1869, kuti mwini ntchitoyo anali Ferdinand de Lesseps wa ku France, ndipo nthawi ikalola amawonjezerapo kuti mu 1956 kunabuka nkhondo. Mwana wophunzitsidwa motere akhoza kukhoza mayeso, koma akafunsidwa kuti zinatheka bwanji kuti ngalande yokumbidwa panthaka ya Egypt, ndi manja a alimi a ku Egypt, pa ndalama zimene gawo lalikulu anatulutsa ndi boma la Egypt, ikhale m'manja mwa alendo kwa zaka 87, amangoti kukamwa yasa. Funso limeneli ndilo liyenera kukhala msana wa phunziro lonse. Mapu amaonetsa chimene ngalande inachitira sitima zapamadzi. Chimene inachitira dziko limene inadutsamo chimapezeka m'mapangano, m'kaundula wa ngongole ndi m'midzi imene amuna ake ankatengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo zaka zofunika kuziphunzitsa mofatsa ndi za pakati pa 1854 ndi 1882, zomwe nthawi zambiri zimangolumphidwa.

Maganizo olumikiza nyanja ziwirizi sanayambe ndi Azungu, ndipo apa mphunzitsi sayenera kuchedwapo, bola ana adziwe. Farao Necho II, cha m'ma 600 Yesu asanabadwe, anayamba kukumba ngalande yochoka mumtsinje wa Nile kulowera ku Nyanja Yofiira. Mfumu Darius ya ku Persia inadzaimaliza. Inkakwiririka ndi mchenga n'kufukulidwanso, ndipo Aluya atalanda Egypt m'zaka za m'ma 640 anaitsegulanso kuti tirigu azipita ku Arabia, mpaka inatsekedwa patapita zaka zoposa 100. Napoleon atafika mu 1798 anatuma akatswiri ake kukayeza dera lopapatiza la pakati pa nyanja ziwirizo, iwo n'kuphonya masamu: anati Nyanja Yofiira ndi yokwera ndi mamita pafupifupi 10 kuposa Mediterranean, motero kukumba kukanamiza dziko. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti ena ayezenso n'kupeza kuti madziwo ndi olingana. N'chifukwa chake mpaka lero Ngalande ya Suez ilibe zipata zokwezera ndi kutsitsira sitima monga ilili ya Panama.

Nkhani yeniyeni imayamba mu Novembala 1854, pamene Said Pasha, yemwe ankalamulira Egypt pansi pa Sultan wa ku Constantinople, anapereka chilolezo kwa Lesseps. Mkuluyu sanali injiniya. Anali kazembe wopuma ntchito amene anadziwana ndi Said kale, Saidyo akadali mnyamata, ndipo ubwenzi umenewo ndi umene unamutsegulira khomo. Pangano lachiwiri la mu Januwale 1856 ndi chikalata chimene mwana wa Folomu 3 aliyense angathe kuchimva akachiikiridwa patsogolo m'mawu osavuta. Kampani inapatsidwa ngalandeyo kwa zaka 99 kuyambira tsiku loitsegula. Inapatsidwa malo oti ngalande idutsemo kwaulere, pamodzi ndi minda ina yambiri yoti ithirire. Pa phindu lonse, 75 peresenti inali ya eni masheya, 10 peresenti ya oyambitsa kampani, ndipo boma la Egypt linatsala ndi 15 peresenti. Pamwamba pa izo, Egypt inalonjeza kupereka antchito anayi mwa asanu alionse. Kampani itayamba kugulitsa masheya 400,000 mu 1858, pa mtengo wa mafranki 500 imodzi, Afalansa anagula oposa theka pang'ono. Angerezi sanaonetse chidwi, poti mtsogoleri wawo wa ndale Palmerston ankadana ndi ntchitoyi poopa kuti France iwatsekera njira ya ku India. Masheya amene anasowa ogula, Lesseps anawalemba m'dzina la Said, ndipo Egypt inapezeka kuti yasenza pafupifupi 44 peresenti ya ndalama zoyambira pomwe mosungira chuma chake munalibe ndalama zotero. Khasu loyamba lisanalowe pansi pa 25 Epulo 1859, pamalo amene lero pali mzinda wa Port Said, dzikolo linali litalowa kale m'ngongole chifukwa cha ngalande imene kunalibe.

Anthu amene anagwira khasulo ndi oyenera phunziro lawolawo. Ntchito itafika pachimake cha mu 1862, boma linkatumiza amuna pafupifupi 20,000 mwezi uliwonse, otengedwa m'midzi ya m'mbali mwa Nile kudzera mwa mafumu ndi akuluakulu a maboma. Gulu lina likamakumba, lina limakhala lili m'njira kubwera, lina kubwerera, kotero kuti amuna osowa kumunda panthawi imodzi ankafika cha m'ma 60,000. Ankakumba ndi makasu ndi mapiki, n'kumasenza mchenga m'madengu olukidwa ndi masamba a kanjedza, atandanda mizere kukwera ndi kutsika zitunda. Pamalo okwera kwambiri a El Guisr, pafupi ndi pamene pali mzinda wa Ismailia, anthu masauzande anang'amba chitunda cha mchenga ndi manja mpaka madzi a Mediterranean analowa m'nyanja ya Timsah mu Novembala 1862. Kumpoto, m'matope a nyanja ya Manzala, zolembedwa za nthawiyo zimasimba za asodzi amene ankaima m'madzi, kutapa thope ndi manja, kulifinya pachifuwa kuti madzi atuluke, n'kuliunjika m'mbali kuti liume likhale khoma. Madzi akumwa ankabwera pa ngamira mpaka pamene ngalande ina yaing'ono yochokera mu Nile inafika kumaloko. Malipiro analipo, koma ochepa, ndipo palibe amene ankafunsidwa ngati akufuna kupita. Mwana wa ku Malawi sangavutike kumvetsa dongosolo limeneli, chifukwa m'kalasi momwemo amaphunzira za thangata wa m'minda ya Azungu ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, ndi momwe nkhanza za m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero zinathandizira kuyatsa moto wa John Chilembwe mu 1915. Kusiyana kwake, komwe n'koyenera kukutchula, n'kwakuti ku Egypt amene ankakakamiza anthu anali boma lawo lomwe, potumikira kampani ya alendo.

Anafa angati? Apa pali mwayi wophunzitsa chinthu chimene sukulu zathu zimachichita mwa apo ndi apo, ndicho kuyesa umboni. Polankhula ku Alexandria mu 1956, mtsogoleri wa Egypt Gamal Abdel Nasser ananena kuti anthu 120,000 a ku Egypt anafera pa ntchitoyi, ndipo chiwerengerochi chinafalikira mpaka kulowa m'mabuku ambiri. Malipoti a madokotala a kampani amapereka ziwerengero zochepa kutalitali. Chodabwitsa n'chakuti wolemba mbiri wa ku Greece, Herodotus, analemba chiwerengero chomwecho cha 120,000 pokamba za ngalande ya Necho, zaka zoposa 2,000 m'mbuyomo. Mphunzitsi wanzeru sauza ana kuti ichi ndiye cholondola. Amawafunsa kuti Nasser ankalankhula kwa yani ndipo ankafuna chiyani tsiku limenelo. Kuti dokotala wolipidwa ndi kampani akanawerengera bwanji munthu amene anadwalira kuntchito n'kukafera kumudzi kwawo patatha milungu itatu. Kuti mliri wa kolera wa mu 1865 unalowa m'kaundula wa yani. Mwana amene wadutsa m'mafunso amenewa amatuluka akudziwa kuti imfa zinali zambiri, kuti palibe anaziwerenga mwachilungamo, ndi kuti kusawerengako ndi umboni nakonso wa mtengo umene moyo wa mlimi unkapatsidwa.

Ismail atalowa m'malo mwa Said mu 1863 anafuna kuthetsa ntchito yokakamizayi ndi kubweza ena mwa malo amene kampani inapatsidwa. Zifukwa zake sizinali za chifundo chokha: nkhondo yapachiweniweni ya ku America inali itakweza mtengo wa thonje, ndipo amunawo ankafunika m'minda. Mlanduwo unaperekedwa kwa Napoleon III, mfumu ya France, kuti aweruze, pomwe mkazi wake Eugénie anali wachibale wa Lesseps. Chigamulo cha mu 1864 chinati Egypt ilipire kampani mafranki 84 miliyoni, ndipo 38 miliyoni mwa ndalamazo zinali chipepeso chifukwa cholanda kampani antchito. Dziko linalipira kuti lisiye kutumiza ana ake kuntchito yokakamiza. Ndi ndalama zimenezo kampani inatha kubweretsa makina akuluakulu okumba oyendera nthunzi, amene anakumba gawo lalikulu la ntchito yotsalayo. Pa 17 Novembala 1869 ngalande ya makilomita 164, yakuya mamita 8, inatsegulidwa pamwambo umene unadya chuma chosaneneka. Eugénie anatsogolera mdipiti wa sitima, mfumu Franz Joseph ya Austria inalipo, ndipo alendo mazanamazana anadyetsedwa ndi kuyendetsedwa pa ndalama za boma la Egypt. Mabuku amakonda chithunzi cha tsiku limeneli, ndipo n'chokongoladi, koma chimayenera kuikidwa pambali pa chiwerengero cha 84 miliyoni chija.

Zaka 13 zotsatira ndi zimene zimasonyeza mmene dziko limalandidwira mfuti isanalire. Nkhondo ya ku America itatha mu 1865, mtengo wa thonje unagwa, koma ngongole za Ismail zinapitirira kukula. Ngongole ya mu 1873 inalembedwa kuti ndi mapaundi 32 miliyoni, koma zimene zinafika m'manja mwa boma zinali cha m'ma 20 miliyoni basi, zotsalazo zitathera m'makomishoni ndi kudula kwa mabanki, pomwe chiwongoladzanja chinkawerengeredwa pa 32 miliyoni yonseyo. Aliyense amene anaonapo munthu akutenga katapila kuti abweze katapila wina akudziwa kumene njira yotere imathera. Mu Novembala 1875 Ismail anagulitsa masheya 176,602 a Egypt kwa boma la Britain pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 4 miliyoni. Nyumba ya malamulo ya ku London inali patchuthi, choncho nduna yaikulu Benjamin Disraeli anabwereka ndalamazo ku banki ya a Rothschild. Popeza Ismail anali atapinyolitsa kale phindu la masheyawo mpaka 1894, Egypt inayenera kumalipira Britain chiwongoladzanja cha 5 peresenti chaka chilichonse pa masheya amene inali itagulitsa kale. Ndalama za malondawo sizinakhalitse. Mu 1876 boma linalephera kubweza ngongole zomwe zinali kuyandikira mapaundi 100 miliyoni, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la okongoza a ku Ulaya loyang'anira ndalama zolowa m'boma. Mngerezi ndi Mfalansa anaikidwa kuyang'anira chuma cha dziko. Ismail atayesa kuwakankha, anachotsedwa pampando mu 1879. Mu 1880, 15 peresenti ija nayonso inagulitsidwa ku banki ya ku France pa mafranki 22 miliyoni. Kuchokera pamenepo, kwa zaka zoposa 50, Egypt sinalandire kalikonse pa phindu la ngalande yodutsa m'dziko mwake.

Mfuti zinabwera pambuyo pake. Asilikali ndi anthu wamba, otopa ndi misonkho yolipirira ngongole ndi ulamuliro wa alendo, anasonkhana kumbuyo kwa msilikali wina wamkulu, Ahmed Urabi, mwana wa kumudzi. Mu Julaye 1882 sitima zankhondo za Angerezi zinaphulitsa mzinda wa Alexandria. Asilikali awo analowa kudzera m'ngalande momwemo, kutsikira ku Ismailia, n'kugonjetsa Urabi ku Tel el-Kebir pa 13 Sepitembala. Panthawiyo sitima pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse zodutsa m'ngalandemo zinali za Angerezi omwe aja ankaikana poyamba. Ananena kuti abwera kwa kanthawi kudzabwezeretsa bata, koma msilikali wawo womaliza anachoka mu Juni 1956, patatha zaka 74.

Ena anganene kuti kuphunzitsa motere n'kukondera, kuti kumasandutsa Azungu onse mbava ndi anthu a ku Egypt onse ozunzidwa, pomwe Ismail anamwaza yekha chuma pa nyumba zachifumu, pa maphwando ndi pa nkhondo zolephera zolimbana ndi Ethiopia mu 1875 ndi 1876. Mfundoyi ili ndi choonadi chambiri, ndipo phunziro labwino siliyenera kuibisa. Palibe anagwira dzanja la Said posaina pangano lija. Ismail anabwereka ndi maso ali poyera, ndipo ndalama zina zinapitadi ku njanji, madoko, ngalande zothirira ndi sukulu zimene zinathandiza dziko. Ngalandeyonso inatsitsa mtengo wonyamulira katundu pakati pa Asia ndi Ulaya, inabala mizinda ya Port Said ndi Ismailia pamalo pamene panali mchenga ndi matope, ndipo inali ntchito ya luso lenileni. Koma kuvomereza zimenezi kumalimbitsa njira imene ndikuilimbikitsayi. Phunziro lofunsa kuti anasaina ndani, anabwereka ndani, anabweza ndani, limaika atsogoleri a Egypt pamlandu pamodzi ndi mabanki a ku Paris ndi London. Limaonetsa kuti amene anasankha zolowa m'ngongole anali anthu ochepa a kunyumba yachifumu, pomwe amene anabweza anali alimi omwe aja anasenza madengu, tsopano kudzera m'misonkho imene inkatoleredwa ndi chikoti. Phunziro la mapu ndi zaka ziwiri lija ndilo lokondera, chifukwa limasiya Lesseps yekha pabwalo.

Mwana amene wamva zonsezi ndi amene angamvetse chifukwa chake khamu la ku Alexandria linasefukira ndi chimwemwe madzulo a pa 26 Julaye 1956. Sabata imodzi m'mbuyomo, America inali itabweza lonjezo lothandiza kumanga damu la Aswan, Britain n'kutsatira. Nasser anayankha kuti ndalama za damu zichokera ku ngalande. M'kati mwa kulankhula kwake anabwereza dzina la Lesseps kangapo, ndipo ichi chinali chizindikiro chimene magulu otsogozedwa ndi injiniya Mahmoud Younis ankadikira pa wailesi kuti alowe m'maofesi a kampani. Ku London ndi ku Paris ambiri ankakhulupirira kuti anthu a ku Egypt sangathe kuyendetsa ngalandeyo, motero mu Sepitembala akatswiri ambiri achizungu otsogolera sitima m'ngalandemo anasiya ntchito nthawi imodzi. Anzawo a ku Egypt, mothandizidwa ndi ena ochokera ku Greece ndi maiko ena, anagwira usana ndi usiku, ndipo sitima zinapitirira kudutsa. Kenaka Britain, France ndi Israel anapangana mwachinsinsi ku Sèvres kuti Israel iyambe nkhondo pa 29 Okutobala, awiri enawo abwere ngati oleretsa. Asilikali a Britain ndi France anatera ku Port Said pa 5 ndi 6 Novembala, koma Pulezidenti Eisenhower wa America anakana kuthandiza ndalama ya Britain imene inali kugwa mphamvu, ndipo nkhondo inaima patangopita masiku ochepa. Bungwe la United Nations linatumiza gulu lake loyamba la asilikali osungitsa mtendere, nduna yaikulu ya Britain Anthony Eden anatula pansi udindo mu Januwale 1957, ndipo ngalande inatsegulidwanso mu Epulo ili m'manja mwa Egypt. Chimene ambiri amachiiwala n'chakuti eni masheya analipidwa chipukutamisozi malinga ndi pangano la mu 1958, ndi kuti chilolezo cha kampani chikanatha chokha mu 1968.

Otsutsa ena amachokera mbali ina. Amati nkhani yotere imathera pa kutamanda Nasser, ndipo kalasi imasanduka msonkhano wa chipani. Ngoziyo ilipo ngati mphunzitsi aima pa 1956. Akapitirira zaka 11 zokha, chithunzi chimasintha. Nkhondo ya mu Juni 1967, imene Nasser anathandizira kuiputa potseka njira ya sitima za Israel ku Tiran, inasiya asilikali a Israel tsidya lina la ngalande ndi a Egypt tsidya linzake. Ngalande inatsekeka kwa zaka 8. Sitima 14 zinatsekeredwa m'nyanja ya Great Bitter Lake nthawi yonseyo, mpaka mchenga wa m'chipululu unazisandutsa zachikasu. Anthu mazana a masauzande anasamutsidwa m'mizinda ya Port Said, Ismailia ndi Suez chifukwa cha mabomba. Eni sitima sanakhale pansi kudikira: anayamba kupanga sitima zikuluzikulu zonyamula mafuta zimene zinkazungulira ku Cape n'kupezabe phindu, ndipo Anwar Sadat atatsegulanso ngalande pa 5 Juni 1975, zambiri mwa izo sizikanatha kulowamo. Mwana wofika apa amaona kuti kutenga umwini kunali chinthu chachikulu, komanso kuti umwiniwo sunateteze dziko ku zisankho zolakwika za mtsogoleri wake. Mafunso amene anafunsa za Ismail amawafunsanso za Nasser.

Funso limene mphunzitsi wa ku Mchinji kapena ku Chipata angafunse ndi lomveka kuposa onsewa: silabasi ndi yodzaza kale, nanga n'kutayiranji nthawi pa ngalande ya kutali chonchi, pomwe mbiri ya Maravi, ya Angoni ndi ya Chitaganya sitiimaliza? Yankho loyamba n'lakuti Suez siili kunja kwa mbiri ya kuno. Ngalandeyi itatsegulidwa, gombe la kum'mawa kwa Africa, limene kwa munthu wochokera ku Ulaya linali kuseri kwa dziko, linayandikira. M'zaka zoyambirira za m'ma 1870 sitima za makalata za kampani ya British India zinayamba kuyenda pakati pa Aden ndi Zanzibar, ndipo amalonda, amishoni ndi akazembe anachuluka m'dera limene njira zake zinkafika mpaka ku nyanja ya Malawi. Akatswiri awiri a mbiri, Ronald Robinson ndi John Gallagher, m'buku lawo la mu 1961 lotchedwa Africa and the Victorians, anafika ponena kuti kulandidwa kwa Egypt mu 1882 ndi kumene kunayambitsa mpikisano wogawana Africa, chifukwa kunakwiyitsa France ndi kukakamiza Britain kuteteza Nile mpaka kumene imayambira. Akatswiri ena anawatsutsa, ponena kuti mpikisanowo unali ndi magwero enanso ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa, ndipo mkanganowo ndi wabwino kuupereka kwa ana amene akuphunzira za msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 ndi za kukhazikitsidwa kwa ulamuliro wa Britain kuno mu 1891. Kumapeto a utsamunda nakonso ulusi ulipo. Amene analowa m'malo mwa Eden anali Harold Macmillan, yemwe anafika ku Blantyre mu Januwale 1960, ndipo boma lake ndi limene linatulutsa Dr Banda m'ndende ya ku Gwelo mu Epulo chaka chomwecho. Kunena kuti Suez inabweretsa ufulu wa Malawi kungakhale kunyoza anthu amene anaphedwa ndi kumangidwa mu 1959. Koma boma la ku London limene anthuwo ankalimbana nalo linali litaphunzira kale mu 1956 kuti mphamvu zake zili ndi malire, ndipo mwana ayenera kudziwa mbali ziwiri zonsezi.

Yankho lachiwiri likukhudza amene amati nkhani za masheya ndi chiwongoladzanja n'zakuya kwa ana a sekondale. Ana omwewo amawerengera chiwongoladzanja m'phunziro la masamu, ndipo ambiri amaona amayi awo akugula masheya ku banki mkhonde sabata iliyonse. Akukulira m'maiko amene anakhululukiridwa ngongole zambiri zakunja, Zambia mu 2005 ndi Malawi mu 2006, koma lero nkhani ya ngongole za boma ili pa wailesi tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi ya mapangano a migodi. Kuphunzitsa nkhani ya Suez motere sikufuna milungu yambiri. Maphunziro atatu kapena anayi akukwana, ngati mphunzitsi asiya kulembetsa manotsi n'kupereka kwa ana ziwerengero zochepa zija: 75, 10 ndi 15, 32 miliyoni ndi 20 miliyoni, 84 miliyoni, 4 miliyoni. Gulu limodzi liwerengere ngati alangizi a Said, lina ngati a banki, lina ngati mfumu ya mudzi imene yauzidwa kupereka amuna nyengo yokolola. Chovuta chenicheni chili kwa okonza mayeso. Funso likamangofuna chaka chimene ngalande inatsegulidwa ndi dzina la amene anaikumbitsa, mphunzitsi sangadzudzulidwe pophunzitsa zokhazo. Funso lofuna kuti mwana afotokoze masitepe amene Egypt inatayira ulamuliro wa ngalande pakati pa 1854 ndi 1882 lingasinthe zimene zimachitika m'kalasi mofulumira kuposa buku latsopano lililonse.

Ndipo nkhaniyi sinathe, zimene zimapatsa mphunzitsi mwayi woyambira pa zimene ana amvapo. Boma la Egypt litafuna kukulitsa ngalandeyi mu 2014, linagulitsa zikalata za ngongole kwa nzika zake zokha, ndipo m'masiku ochepa linasonkhetsa mapaundi a ku Egypt oposa 60 biliyoni. Kuletsa alendo kugula nawo kunali ngati kukumbukira 1875. Njira yatsopanoyo inatsegulidwa mu 2015. Mu Malichi 2021 sitima ya mamita 400 yotchedwa Ever Given inapingasa m'ngalandemo kwa masiku 6, sitima mazanamazana n'kuima pamzere mbali zonse ziwiri, pa njira imene panthawiyo pankadutsa pafupifupi 12 peresenti ya malonda a dziko lonse. M'chaka cha boma cha 2022 mpaka 2023 ngalandeyi inalowetsa madola 9.4 biliyoni, ndalama zimene m'masiku a kampani ija zikanapita ku Paris ndi ku London. Koma kuyambira kumapeto a 2023, a gulu la Houthi ku Yemen atayamba kuwombera sitima m'Nyanja Yofiira, makampani akuluakulu anabwerera ku njira yakale ya ku Cape, ndipo ndalama za ngalande mu 2024 zinatsika ndi kuposa theka. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, Egypt inagwirizana ndi bungwe la IMF kuti ngongole imene inali kulandira ikwezedwe kufika pa madola 8 biliyoni.